Belu la Mafunso ndi Nyimbo za Disembala

Wailesi ya kanema ya dziko lino, TVM, inayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999. Ana amene anabadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana awo, ndipo ambiri amadabwa ukawauza kuti mu ulamuliro wonse wa Dr Hastings Kamuzu Banda, kuyambira 1964 mpaka 1994, Malawi analibe TV yakeyake. Tinali ndi wailesi imodzi, MBC, yolankhula kuchokera ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Kuti mawu ake atipeze ife a ku Karonga ankayenda makilomita oposa 600, ndipo masiku ena ankafika ofooka, akumira ndi kuyandama m'phokoso la mphepo. Mlatho wa Songwe uli pamtunda wosakwana makilomita 50 kuchokera pa boma, choncho nthawi zina mawu a Chiswahili ochokera kutsidya ndiwo ankamveka bwino kuposa a kwathu. N'chifukwa chake anzanga a m'tauni akamakumbutsana za mipikisano ya mafunso ya pa kanema, ine ndimayambira patali pang'ono. Mpikisano wanga woyamba sindinauone ndi maso, ndinaumva ndi khutu.

Pulogalamuyo inali Top of the Class, mpikisano wa mafunso wa ana asukulu pa MBC. Kachitidwe kake kanali kosavuta: sukulu ziwiri, wofunsa mmodzi, nthawi yochepa yoti munthu ayankhe, ndipo mbali ina ikalephera funso linkawolokera kwa anzawo. Kwathu wailesi inkaikidwa pampando pakhonde, mabatire ake atayanikidwa padzuwa masana onse kuti apezeko mphamvu. Adada ankakhala pafupi nayo, dzanja lili pa kabatani, kuti mawu akayamba kuthawa awabweze. Ife ana tinkakhala pamkeka. Funso likangotha, tonse tinkalimbirana kuyankha mwana wa pawailesiyo asanatsegule pakamwa. Adada sankayamikira msanga. Ukakhoza ankangoti, "Eya, ndi momwemo," n'kubwezera khutu ku wailesi. Koma mawa lake ukanamva akuuza asibweni panjira ya kumunda kuti mwana uyu dzulo wapambana ana a ku Zomba, ndipo kwa ine malipiro ake anali omwewo.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene kamphindi kameneko kankatigwira mtima chotero. Yankho lake lili m'mbiri ya chigawo chathu. Kumpoto kulibe mafakitale ambiri, ndipo kuyambira nthawi ya amishoni a Livingstonia makolo ankaona sukulu ngati cholowa chokhacho chodalirika chosiyira mwana. Koma njira ya mwana wa ku Karonga inali ndi zipata zambiri. Kunyumba ankalankhula Kyangonde, kumsika Chitumbuka ndi Chiswahili chapang'ono, m'kalasi Chichewa ndi Chingerezi. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi, ndipo sichinabwerere mpaka 1994. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma linayamba kusankhira ana ku yunivesite potengera maboma awo, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo. Ndondomeko ya kota ija, yosankhira ana ku yunivesite, inadzabweranso mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika n'kudzathetsedwa mu 2020. Ana sitinkamvetsa zonsezi, koma tinkamva akuluakulu akutsitsa mawu akamazikamba. Ndiye pakati pa zonsezo panali pulogalamu imodzi imene sinkafunsa kuti mfumu yako ndani. Nsonga ya phiri la Mulanje ndi Sapitwa, kaya wayankha ndi wa ku Kaporo kapena wa ku Nsanje. Ukakhoza wakhoza, dziko lonse likumva. Chilungamo chotere chinali chosowa, ndipo ndikukhulupirira kuti adada ankachimvetsera ndi njala yoposa yathu.

Panalinso chisangalalo china, chaching'ono koma chokoma. Mafunso a mbiri ya dziko akafika kwa Mlozi, wogulitsa akapolo amene malinga ake anali ku Mpata ndipo anagonjetsedwa mu Disembala 1895, kapena pa nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani imene inamenyedwa pa Karonga mu Seputembala 1914, nyumba yonse inkadzuka. Amenewo sanali mafunso a m'buku kwa ife. Manda a asilikali aja tinkawadutsa popita kumsika. Kumva mwana wa kutali akuvutika kutchula malo amene iwe umapondapo tsiku ndi tsiku kunkatiuza kuti nafenso tili m'buku, kuti ana a dziko lonse amakakamizika kutiloweza. Ndipo tikamva kuti sukulu ya kumpoto ili pa mpikisano, ngakhale isakhale Chaminade ya kwathu konkuno, tinkaitenga ngati ya pabanja.

Kanema anafika pang'onopang'ono. Magetsi a ku Wovwe, amene anayamba kugwira ntchito mu 1995, anathandiza pa boma ndi m'malo ochitira malonda, koma m'midzi yambiri munthu wofuna kuonera ankadalira batire la galimoto kapena jenereta. Chithunzi cha TVM chinatipeza mochedwa, ndipo oyamba kuona zinthu bwino anali amene anagula dishi ndi kadekoda kosalipira mwezi ndi mwezi, kamene kankakoka mawailesi a SABC a ku South Africa mpaka pamene anawatseka mu 2013. M'dera lathu nyumba yotere inali ya aphunzitsi ena. Madzulo pabalaza pawo pankadzaza: akuluakulu pamipando, ana pansi, ochedwa pawindo. Mayi a m'nyumbamo sankathamangitsa aliyense, ankangoti, "Ana inu, nsapato panja, ndipo a msinkhu akhale kumbuyo."

Chimene kanema anawonjezera pa mpikisano wa mafunso ndi nkhope. Pawailesi munthu akalephera, tinkangomva chete kenako belu. Pa kanema tinayamba kuona mmene munthu amaonekera pamene yankho akulidziwa koma lamuthawa: milomo ikugwedera, maso ali kudenga, chala chikunjenjemera pamwamba pa batani. Kuyambira pamenepo ndinaleka kuseka olephera. Wailesi inandiphunzitsa kusirira wodziwa, koma kumvera chisoni woiwala ndinakuphunzira pa kanema.

Pulogalamu ina imene ndimaikumbukira kwambiri inali ya m'chilankhulo chimene palibe aliyense pabalaza paja ankachimva. Inali Noot vir Noot ya pa SABC2, mpikisano wa nyimbo wa m'Chiafrikaans umene unayamba mu 1991, wotsogoleredwa ndi Johan Stemmet. Oimba ankaliza kachidutswa ka nyimbo, opikisana n'kumalimbirana kuitchula. Nthabwala za wotsogolera zinkatipita pamwamba, koma nyimbo ikakhala yoti inafikako kwathu pa kaseti, pabalaza pankaphulika. Agogo ena aamuna amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni ankatola liwu apa ndi apo n'kumatimasulira monyadira. Achinyamata ankakonda kwambiri Jam Alley ya pa SABC1, ya phokoso ndi magule, imene Vinolia Mashego ndi Nimrod Nkosi ankatsogolera. Ine mtima wanga unali pa ija yozindikira nyimbo, chifukwa inkasonyeza kuti pali nzeru ina imene siidutsa m'chilankhulo: khutu limadziwa lilime lisanapeze dzina.

Kenako kunabwera mpikisano wa mayunivesite umene unayamba mu 2007 ndi dzina la Celtel Africa Challenge, n'kudzatchedwa Zain Africa Challenge kampaniyo itasintha dzina. Wofunsa anali John Sibi-Okumu wa ku Kenya, bambo wa mawu odekha amene ankalemekeza wophunzira aliyense ngakhale walakwa. Ophunzira a m'mayunivesite a ku Malawi atalowamo, tinaona ana athu atakhala moyang'anizana ndi a ku Kenya, Uganda ndi Tanzania. Nthawi imeneyo ndinali nditakula, koma ndinapezeka ndikuyankha mokweza monga kale pamkeka paja. Mpikisanowu sunakhalitse, ndipo kutha kwake kunandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera.

Zonsezi m'mutu mwanga zimamangika pamodzi ndi mwezi wa Disembala. Kale chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale, choncho tchuthi chachikulu chinkagwa kumapeto kwa chaka. Ana a ku sekondale zogonera komweko ankabwera ndi masutikesi awo, ndipo ndiwo ankakhala akatswiri pa mafunso a madzulo. Ku Karonga mwezi umenewu ndi wotentha ndi wonyowa. Mango amakhala atapsa, anthu ali kalikiliki ndi nazale za mpunga, ng'ombe zili pagoli m'madambo, ndipo nkhokwe za ambiri zayamba kupepuka. Koma dzuwa likapendeka, ana omwe aja olimbirana mayankho ankatsukako matope n'kupita kutchalitchi kukaphunzira nyimbo za Khirisimasi. Kumeneko lamulo linali lina. Pa mafunso, wopambana ndi amene wathamangira anzake. Pa kwaya, wothamangira anzake ndiye wolakwa. Mphunzitsi wa kwaya ankaimitsa nyimbo n'kunena kuti, "Mwana wanga, mawu ako ndi abwino, koma tamvera mnzako wapambaliyo." Mwana mmodzimodziyo ankaphunzira kutsogola madzulo ano, mawa lake n'kuphunzira kudikira.

Nyimbo za mumpingo wa kwathu zili ndi mbiri imene ndinadzaidziwa nditakula. Amishoni a Livingstonia anakhazikitsa malo awo ku Ngerenge kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo anabwera ndi nyimbo za ku Scotland. Koma m'buku la Sumu za Ukristu simuli za ku Ulaya zokha. Donald Fraser, amene anatumikira ku Loudon, komwe lero timati Embangweni, ankalimbikitsa Akhristu a kumeneko kupeka nyimbo zawo pa maimbidwe a makolo, ndipo pamisonkhano ikuluikulu pankakhala mpikisano wa nyimbo zatsopano. Mayina a Peter Thole, Mawelera Tembo ndi Charles Chinula amakumbukika chifukwa cha ntchito imeneyi. Nditamva zimenezi ndinasangalala, chifukwa ndinaona kuti zinthu ziwiri zimene ndinkazikonda ndili mwana zinakumanapo kale. Nyimbo zina zimene amama ankaimba akupeta mpunga zinabadwira pa mpikisano. Kusiyana kwake n'kwakuti mphoto ya mpikisano umenewo sinkapita kunyumba kwa wopambana. Nyimbo ikapambana inkasanduka ya aliyense, mpaka dzina la woipeka kuiwalika m'kamwa mwa oimba.

Usiku wa pa 24 Disembala ndiwo unali pachimake. Tchalitchi chinkakongoletsedwa ndi makwaule a nthochi ndi nthambi za kanjedza, nyali zagalasi zitapachikidwa pamitanda ya denga. Ana ankachita sewero la kubadwa kwa Yesu: angelo atavala nsalu zoyera za pabedi, abusa ali ndi ndodo zenizeni zowetera ng'ombe, ndipo mbali ya Herode inkalimbiranidwa chifukwa ndi yokhayo imene inkalola mwana kukalipa pamaso pa akulu ampingo. Abusa a m'sewerolo sankafunika kuphunzitsidwa kagonedwe ka kubusa, poti ambiri anali atachokera komweko masana omwewo. Kenako nyimbo. Ina inkaimbidwa m'Kyangonde, yotsatira m'Chitumbuka, kwaya ya achinyamata n'kubweretsa ya Chichewa kapena ya Chiswahili imene anaitola pa kaseti. Palibe amene ankafunsa kuti chilankhulo chovomerezeka n'chiti. Amama sanapite patali ndi sukulu, ndipo pa nthawi ya mafunso a pawailesi ankakhala chete kumbuyo akusenda chinangwa. Koma usiku umenewu iwo ndiwo ankadziwa ndime zonse pamtima, ndipo ife odziwa malikulu a mayiko tinkayang'ana pakamwa pawo kuti tisasochere. Ndikaganiza za ulemu umene nyimbo zinkabwezera kwa amayi ngati iwo, ndimaona kuti mpikisano wa mafunso, ngakhale unali wachilungamo, unali ndi malire. Unkayeza okhawo amene anapeza mwayi wolowa m'kalasi, ndipo m'badwo wa amama atsikana ambiri mwayiwo sanaupeze.

Kunja kwa tchalitchi Khirisimasi inali ndi mawu ena. Pawailesi ndi m'magolosale munkamveka Jim Reeves, woimba wa ku America amene anatulutsa chimbale chake cha Khirisimasi mu 1963 n'kumwalira pa ngozi ya ndege chaka chotsatira. Anthu ambiri kwathu sanadziwe kuti mwini mawuwo anapita kale. Kwa iwo anali mlendo wobwera chaka chilichonse pamodzi ndi mvula. Panalinso Boney M, amene chimbale chawo cha Khirisimasi chinatuluka mu 1981 ndipo mpaka lero sichinatsike m'mabasi a pamsewu wa M1. Zina mwa nyimbozo zimakamba za kuzizira kumene ife sitinakuonepo, koma sindikuganiza kuti tinkanamizidwa. Tinkatengamo zimene zinali zathu, mwana wobadwira m'khola ndi makolo osowa pogona, ndipo zotsalazo tinkazisiya. Pambali pa oimba akunjawo pankalira Alleluya Band ya ku Balaka, imene inayamba mu 1978, ndi makwaya a ku Tanzania amene makaseti awo ankawoloka Songwe m'zikwama za amalonda pamodzi ndi zitenje za ku Kyela. Ndikatseka maso ndimamvabe kusakanikirana kumeneko pamsika wa pa boma, golosale iliyonse ndi nyimbo yake, fungo la mbalagha likuchokera m'malesitilanti, ana atavala zatsopano atagwira botolo la Fanta limene ankalimwa pang'onopang'ono kuti lifike madzulo.

Mvula ikalola, masana a Khirisimasi kapena a Chaka Chatsopano ankatuluka a mapenenga. Gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali amene makolo athu anamuona pa nkhondo za azungu, ndipo amuna amavina atavala zoyera zositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, akuyenda mwaulemu motsatira ng'oma yaikulu ndi malipenga a zikho. Nawonso ndi mpikisano, mudzi ndi mudzi, koma wopanda belu ndi wopanda wolemba mapointi. Oweruza ndi anthu oonerera, ndipo chigamulo chimamveka m'nthungululu za amayi ndi m'nkhani za panjira pobwerera. Gulu logonja silichotsedwa. Limadya mpunga limodzi ndi opambana n'kuyamba kukonzekera ulendo wina.

Khirisimasi imene inandionetsa kulemera kwa nyimbozi ndi ya 2009. Kuyambira pa 6 Disembala chaka chimenecho nthaka ya Karonga inayamba kugwedezeka, ndipo zivomezi zinatsatizana kwa masabata awiri. Chachikulu, cha mphamvu ya 6.0, chinabwera usiku kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike. Anthu anayi anamwalira, mazana anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka, ndipo boma linalengeza kuti Karonga ndi dera la ngozi. Ngakhale amene nyumba zawo zinaima sankalimba mtima kugona m'kati. Mabanja ankagona panja, m'matenti ndi m'zisakasa za mapepala apulasitiki, nyengo ya mvula ndi udzudzu. TV zinatsala m'nyumba zong'alukazo, ndipo palibe amene ankaziganizira. Koma usiku, uku ndi uku m'misasa, munthu mmodzi ankayambitsa nyimbo ndipo ena ankailandira. Panalibe buku, panalibe magetsi, panalibe wotsogolera. Nyimbo zinatheka chifukwa zinali m'mitu ya anthu, zosungidwa ndi madzulo onse aja ophunzira kwaya. Nkhani ya banja losowa malo m'nyumba ya alendo sinafunike mlaliki woti aimasulire chaka chimenecho. Sindikunena kuti nyimbo zinamanga nyumba ya wina kapena kuchiza wovulala. Anthu anafunika malata, simenti ndi mankhwala, ndipo ambiri anadikira nthawi yaitali. Ndikungonena kuti pa maola a pakati pa usiku, pamene nthaka inkanjenjemeranso ndipo ana ankalira, akuluakulu anali ndi chinthu choti achite ndi pakamwa pawo kupatula kukuwa.

Mipikisano ya pa kanema nayo inasintha, ndipo ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona pamene inakhotera. Mu 2003 kunabwera Big Brother Africa, ndipo Malawi anaimiridwa ndi Zein Dudha. Mu Ogasiti chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inalamula kuti TVM isiye kuionetsa ponena kuti ikuwononga chikhalidwe, koma Khoti Lalikulu linachotsa chiletsocho. Ine sindinagwirizane ndi kuletsako, poti akuluakulu ali ndi ufulu wosankha choonera. Chimene chinandikhudza n'china: kwa nthawi yoyamba tinaona mpikisano umene wopambana safunika kudziwa kanthu, amangofunika kukondedwa, ndipo woonera amalowamo potumiza uthenga wa pafoni wolipira. Kuchokera apo njira inali yotsetsereka. Lero mipikisano yambiri imene mwana amamva pawailesi ndi pa kanema ndi ya mwayi: tumizani uthenga, gulani mayunitsi, dikirani nambala yanu. Funso likakhalapo limakhala loti ngakhale wogona angayankhe, chifukwa cholinga si kuyesa nzeru koma kuchulukitsa otumiza. Ndipo m'malo ochitira malonda, kuyambira ku Songwe mpaka ku Chilumba, anyamata amaunjikana m'nyumba zobetchera mpira, maso ali pa kanema monga mmene ife tinkachitira, koma akudikira zigoli za anthu a ku England zimene iwo sangazisinthe ngakhale atawerenga usiku wonse. Izi zimandiwawa. Ife tinakula tikukhulupirira kuti pali kugwirizana pakati pa khama ndi mphoto, ndipo ngakhale moyo unadzationetsa kuti si nthawi zonse, chikhulupiriro chimenecho ndicho chinatikhazika pa desiki. Sindiwaimba mlandu anyamatawo. Ambiri anamaliza Folomu 4, satifiketi ili m'sutikesi, ntchito kulibe. Koma wina anayenera kuwasiyira bwalo limodzi lokha pamene kudziwa kumalipira poyera.

Nyimbo za Khirisimasi sizinafe, ndipo mwina zikumveka kwambiri kuposa kale. Kungoti zambiri zikuchokera m'masipika. M'matchalitchi ena kiyibodi ndi zokuzira mawu zimakwera mpaka mpingo umangoyang'ana anthu asanu a kutsogolo, nkhalamba zodziwa ndime zonse zitatseka pakamwa poti sizikudzimva. Ndimakonda kiyibodi ikaimbidwa bwino, ndipo Karonga watulutsa oimba aluso. Aliyense amene anamvapo Lusubilo Band akudziwa zimenezi. Nkhawa yanga ili pa kusunga. Nyimbo ya pa fulashi imatha batire likatha. Mphunzitsi wina wa kwaya anandidandaulira kuti mawu a besi akusowa, chifukwa anyamata amene akanaima mzere wa kumbuyo ali ku Joni, ku Dar es Salaam kapena ku Lilongwe, ndipo pa Khirisimasi amatumiza ndalama pafoni m'malo mobwera. Ndalamazo zimagula mpunga ndi nyama, ndipo palibe amene angazinyoze. Koma mzere wa kumbuyo umakhalabe wopanda anthu, ndipo atsikana ena ayamba kutsitsa mawu awo kuti atseke mpatawo.

Chimene Karonga ali nacho lero, chimene ife tinalibe, ndi mawailesi akeake. Pali Tuntufye FM ya Dayosizi ya Karonga, dayosizi imene inakhazikitsidwa mu 2010 pansi pa Bishopu Martin Mtumbuka, ndipo pali Radio Dinosaur, yotenga dzina ku mafupa a Malawisaurus amene ali m'nyumba yosungira mbiri pa boma. Mawu awo sayenda makilomita 600, ndipo amalankhula zilankhulo za pakhomo. Ndimalakalaka kuti tchuthi chilichonse cha Disembala pamawailesi amenewa pazimveka mpikisano wa sukulu za m'boma lonse, za ku Kaporo, Mpata, Lupembe, Nyungwe ndi Chilumba, za pulayimale ndi za sekondale zoyendera zomwe. Mafunso ena akhale a masamu ndi sayansi m'Chingerezi monga mwa mayeso, koma ena akhale m'Kyangonde ndi m'Chitumbuka: mitundu ya nthochi, mayina a mphepo za panyanja, mzere wa ufumu wa a Kyungu, nthawi yowokera mpunga wa Kilombero. Pakhalenso gawo loti alize kachidutswa ka nyimbo ya m'buku, gulu lililonse liitchule n'kuimaliza pakamwa popanda chida. Pa gawo limenelo sukulu iliyonse iloledwe kubwera ndi agogo mmodzi.